Kuphunzira kugwetsa mitengo ing'onoing'ono ndi chainsaw popanda kuvulala

Tcheni ya chainsaw imathamanga mamita pafupifupi 20 pa sekondi imodzi. Bala lake silifanana ndi la chikwanje. Mano a tcheni amang'amba mnofu n'kusiyamo utuchi ndi oyilo, choncho balalo limavuta kusoka ndipo limachedwa kupola. Ngati mukungoyamba kumene, musadziphunzitse nokha. Munthu wodziwa bwino ntchitoyi aime pafupi nanu, ndipo muyambe ndi kudula zipika zogona pansi musanayese mtengo woimirira.

Ngozi imene muyenera kuiopa kwambiri ndi kudumpha kwa makina. Mbali yam'mwamba ya nsonga ya chitsulo choyendapo tcheni ikagunda mtengo, makina onse amabwerera kumaso kwanu mofulumira kwambiri moti simungathe kuwaletsa. Musadulire kunsongako. Gwirani ndi manja onse awiri, chala chachikulu chakumanzere chizungulire chogwirira chakutsogolo, ndipo musadule nthambi imene ili pamwamba kuposa phewa lanu.

Valani chipewa cholimba, magalasi oteteza maso, magolovesi, nsapato zolimba ndi buluku lopangidwira ntchitoyi, lomwe ulusi wake umakola tcheni n'kuiimitsa. Zotseka m'makutu ndi zimene ambiri amazinyalanyaza, chifukwa makutu sachucha magazi. Koma phokoso la chainsaw limapitirira madesibelo 100, pamene makutu amayamba kuwonongeka ndi phokoso la madesibelo 85 likamamveka maola ambiri tsiku ndi tsiku. Makutu akagontha mwa njira imeneyi sachira.

Musanalize injini, onani kumene mtengo wapendekera, kumene mphepo ikuwombera, nthambi zouma zimene zingakugwereni ndi mawaya a magetsi. Anthu ena, makamaka ana, aime patali kuposa kutalika kwa mtengowo kawiri. Lambulani njira yothawira yolowera chakumbuyo cham'mbali.

Mbali imene mukufuna kuti mtengo ugwere, dulani kakamwa kolowa gawo limodzi mwa magawo asanu kapena anayi a kukula kwa thunthu. Kenako dulani chakumbuyo, pamwamba pang'ono pa tsinde la kakamwako, koma musadutsitse. Siyani chigawo chosadula, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a thunthu. Chigawo chimenechi chimagwira ntchito ngati hinjesi ya chitseko: ndicho chimawongolera mtengo pamene ukugwa. Mukachidula, mtengo umagwera kulikonse. Ukangoyamba kupendeka, tsekani buleki ya tcheni ndipo chokanipo. Mtengo ukakodwa pa unzake, musayende pansi pake ndipo musadule umene waugwirawo.

Tcheni yobuntha imadziwika ndi utuchi wake, umene umatuluka ngati ufa m'malo mwa tizibenthu. Ndiyo imachititsa munthu kukankha ndi mphamvu mpaka kutopa. Zimitsani injini, valani magolovesi, ndipo nolani ndi tupa yozungulira ya saizi yoyenera. Yang'anani kukungika kwa tcheni ikazizira. Makina ambiri a masiku ano amafuna mamililita 100 a oyilo wa 2-stroke pa malita 5 a petulo, koma tsatirani buku la makina anu. Thirani mafuta injini itazizira, ndipo muilizire mamita 3 kapena kuposerapo kuchoka pamene munathirira.

Munthu akachekedwa, zimitsani makina, mugonekeni, ndipo panikizani bala mwamphamvu ndi nsalu yoyera osalekeza. Nsalu ikanyowa, onjezerani ina pamwamba osachotsa yoyambayo. Musathire dothi, phulusa kapena zitsamba pabalapo. Ngati chala chaduka, chikulungeni m'nsalu yoyera yonyowa pang'ono, chiikeni m'pepala lapulasitiki lomanga bwino, ndipo pepalalo muliike m'madzi ozizira a ayezi. Chalacho chisakhudzane ndi ayeziyo. Pitani naye kuchipatala nthawi yomweyo. Ngakhale bala litaoneka laling'ono, auzeni achipatala nthawi imene wovulalayo analandira komaliza katemera wa kafumbata.