Mavu anatsala pang'ono kundicotsetsa pa renti

Pa yadi pomwe ndikhala ku Chilenje, ndinapacika kabotolo ka madzi a shuga pa mtengo wa mango kuti tumbalame twa coso tuzibwera kumwa. Ku America anthu amacita zimenezi pofuna kukopa ma hummingbird. Kuno kwathu kulibe mbalamezo, koma coso nayenso amakonda zotsekemera.

Kutentha kwa Okutobala kutafika, kunabwera alendo ena: mavu, njuci ndi nyerere. Tsiku lina mavu analuma mwana wa ba neba pa tsaya. Ba landilodi sanacedwe: "Imwe bambo, cotsani botolo yanu, apo ayi sakilani nyumba ina."

Ndinapempha sabata imodzi. Nditayang'anitsitsa, ndinapeza kuti kabotolo kanali kudontha, ndiye kamaitana mavu. Ndinasintha civinikiro, n'kumapukuta kunja ndikathira madzi. Shuga ndinacepetsa: kapu 1 ya shuga, makapu 4 a madzi, popanda uci kapena kala. Ndinakasamutsira pa mthunzi, kutali ndi pomwe ana amasewera. Pa cingwe ndinamangirira kacitini ka madzi, nyerere zinalephera kuwoloka. Njuci ndinaziikira mbale ya madzi yokhala ndi timiyala kuseri kwa nyumba, paja nyengo ino nazo zili ndi ludzu.

Mankhwala sindinapope, cifukwa akanapha njuci zomwe zimathandiza mango kubereka.

Manje m'mawa, ndisanathamangire minibasi ya ku tauni, coso amafika. Ba landilodi nawo amaimirira pa khomo kumuonerera.