Khofi nayenso ndi chipatso

Ana a ku Mwanza, manachesi mumawadziwa bwino, paja nyengo yozizira ikafika madengu amangoti mbwee m'mbali mwa msewu wopita kuboda. Nanga mukudziwa kuti khofi nayenso ndi chipatso?

Mtengo wa khofi umachita maluwa oyera onunkhira. Akayoyoka, pamabwera tizipatso tobiriwira timene timafiira tikapsa, ndipo m'kati mwake mumakhala njere ziwiri. Mlimi amathyola tofiira tokhatokha ndi manja, n'kusenda, kutsuka njerezo ndi kuziyanika pathandala. Kukazinga ndi kupera kumabwera pambuyo.

Khofi anafika ku Blantyre mu 1878 kuchokera ku Edinburgh. Wa mtundu wa Arabica sagwirizana ndi kutentha, amafuna kumapiri kozizira. N'chifukwa chake alimi ang'onoang'ono ambiri a khofi ali ku Misuku m'boma la Chitipa ndi ku Phoka m'boma la Rumphi, ndipo amagulitsa kudzera m'bungwe lawo la Mzuzu Coffee.

Tsono Arabica yemweyo ali ndi mitundu yambiri. Pali Geisha, amene dzina lake linachokera kudera la Gesha ku Ethiopia. Mu 2004, Geisha wolimidwa ku Panama anadabwitsa akatswiri olawa khofi ndi fungo lake, mpaka ogula anayamba kumulimbirana. Kwathu kunonso alipo! Vuto lake ndi lakuti amatalika ndipo sabereka kwambiri.

Palinso Catimor, wamfupi, wobereka kwambiri, wopirira matenda amene amachititsa masamba kuoneka ngati achita dzimbiri. Ameneyu sanangomera yekha ayi. Mu 1959, akatswiri a ku Portugal anakwatitsa khofi wa Caturra ndi wina wochokera pachilumba cha Timor, potenga mungu wa duwa lina n'kuuika pa duwa linzake. Mtundu wina wa Catimor kuno timautcha Nyika.

Ndiye mlimi abzale uti? Apa ndi pamene ndimalemekezera anthu ofufuza zaulimi, monga a ku Lunyangwa ku Mzuzu. Amabzala mitundu yosiyanasiyana moyandikana, n'kudikira zaka pafupifupi zitatu kuti iyambe kubereka. Amayeza zokolola pasikelo, amaona umene wadwala ndi umene wapirira. Kenako olawa amapsontha khofiyo ndi sipuni n'kumupatsa malikisi ngati kusukulu. Wopeza 80 kapena kuposa pa 100 ndiye amatchedwa khofi wapamwamba, ndipo ogula akunja amalipira ndalama zochuluka kuti amupeze.