Phwando la ukwati lisadye feteleza wa chaka chamawa

Kuyambira June mpaka October, Loweruka lililonse msewu wa ku Mchinji umadzadza ndi magalimoto omangidwa maliboni, akuliza mahutala kuchoka pa Mpingu, kudutsa pa Msundwe mpaka ku Namitete. Ndi nyengo ya maukwati, ndipo chifukwa chake aliyense akuchidziwa. Chimanga chili m'nyumba, mtedza ndi soya zagulitsidwa, olima fodya ndalama za ku Kanengo zalowa, misewu ya kumudzi yauma moti alendo amafika galimoto osatitimira. Vuto ndi loti miyezi yomweyi ndi imene mlimi amayenera kusunga ndalama ya mbewu ndi feteleza. Thumba lake ndi limodzi lomwelo. Ndalama imene yapita kwa DJ mu September sidzabwerera kudzagula yureya mu December.

Kale nkhaniyi sinkawawa ngati lero. Pamene pulogalamu ya AIP inkayamba mu 2020, amene anali pa mndandanda ankaombola thumba la makilogalamu 50 pa K4,495. Chaka chotsatira linafika pa K7,500, mu 2022 linakwera kufika pa K15,000, ndipo si onse amene dzina lawo limatuluka. Kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwetsedwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo m'masitolo thumba limodzi linadutsa K100,000. Mlimi wamba amathira matumba awiri pa ekala ya chimanga, limodzi lokulitsa, lina lobereketsa. Ndiye komiti ya ukwati ikakhala pansi, ndi bwino kusiya kuwerengera m'makwacha n'kuyamba kuwerengera m'matumba. Holoyi ndi matumba angati? Keke ya nsanjika zitatu ndi matumba angati? Nanga okongoletsa mipando? Munthu amene amavomera K200,000 mosaphethira amayamba wakanda m'mutu mukamuuza kuchuluka kwa feteleza amene wapita pamenepo.

Chipembedzo chathu sichinatilemetse pa nkhaniyi. Kuti ndowa imangike pamafunika kuvomera kwa mwamuna ndi mkazi, myang'aniri wa mkazi amene timati wali, mboni ziwiri, ndi mahari. Kenako pamabwera phwando la walima, loti anthu adye ndi kudziwa kuti awiriwa tsopano ndi banja. Basi. Abdurrahman bin Auf, amene anali wamalonda wodziwika ku Madina, atakwatira anauzidwa ndi Mtumiki Muhammad (madalitso ndi mtendere zikhale pa iye) kuti akonze walima ngakhale ndi nkhosa imodzi yokha. Ndipo Mtumiki mwini wake atakwatira mayi Safiyyah pobwerera ku Khaybar, m'chaka cha 7 Hijri, pa phwandolo panalibe nyama kapena buledi. Anayala zikopa pansi, aliyense anabweretsa chimene anali nacho, wina tende, wina mafuta a mkaka, wina mkaka wouma, n'kusakaniza anthu n'kudya. Mlimi wa ku Nsaru kapena ku Nambuma sangavutike kulimvetsa phwando limeneli, chifukwa ndi mmene makolo athu ankachitira: uyu lichero la ufa, uyu nkhuku, uyu mtolo wa nkhuni.

Zimene zikutidya ndi zomwe taunjika pamwamba. Masiku ano ukwati umodzi umabala maphwando anayi kapena asanu. Chinkhoswe, kenako bridal shower, kwina amachitanso send-off, ndiye ndowa ku mzikiti, pomaliza madyerero ku holo. Oitanidwa ndi omwewo, matumba opisamo ndi omwewo, ndipo pofika tsiku lenileni abale atopa kale. Chinkhoswe pachokha ndi mwambo wabwino ndipo sitikuti chithe. Ntchito yake ndi yoti ankhoswe a mbali ziwiri adziwane, asinthane tambala ndi msoti, kuti mawa banja likagwedezeka pakhale kopita. Zimenezi zimatheka pakhonde, pa mkeka, ndi thobwa. Sizifuna zokuzira mawu. Mabanja ena akumachita chinkhoswe m'mawa, ndowa ikadutsa swala ya Dhuhr, chakudya n'kudyera limodzi tsiku lomwelo. Alendo a kutali amayenda ulendo umodzi, moto umakolezedwa kamodzi.

Msampha waukulu uli pa perekaniperekani. Pa komiti sipalephera munthu wonena kuti, "Tiyeni tingokongola, zibwera pa perekani." Aa, zibwera kuchokera kuti? Anthu amene adzavine kutsogoloko ndi alimi anzanu, nawonso akuganiza za feteleza wawo. Amasinthitsa K2,000 kukhala ma K50 ndi ma K100 kuti aponye nthawi yaitali, beseni n'kuoneka lodzadza, koma makashiya akawerenga madzulo nkhope zimagwa. Ndipo pa ndalama yochepayo oyamba kutenga ndi MC, DJ ndi mwini holo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndalama ya perekaniperekani muitenge ngati mphatso yoyambira banja, yogulira mapoto ndi khasu. Isalowe mu bajeti ngakhale tambala imodzi.

Ikalephera kubwera, anthu amathamangira ku katapila. Kwa Msilamu apa palibe zokambirana zambiri: chiwongoladzanja ndi riba, ndipo kuyamba banja ndi riba ndi kuyamba ndi chinthu choletsedwa. Ngakhale banki m'khonde, imene yathandiza amayi ambiri kuno, nthawi zambiri imabwereketsa ndi chiwongoladzanja, ndiye muyambe mwafunsa a shehe musanatengeko ngongole ya phwando. Chipereganyu chilibe vuto limeneli. Anthu khumi akamasonkha mwezi ndi mwezi n'kumapatsana mosinthana, aliyense amalandira chimene anaikamo, ndipo mukhoza kupangana kuti mwezi wa ukwati ndalama igwere inu. Palinso ngongole zina zosaoneka ngati ngongole. Kugulitsa mtedza kwa mavenda usanaume bwino, boma lisanalengeze n'komwe mitengo yoyambira kugulira mbewu, ndi imodzi. Yoopsa kwambiri ndi kubwereketsa munda. Bambo amapereka ekala kwa munthu wa m'tauni kuti apeze ndalama ya holo, mvula ikagwa mkwati ndi mkwatibwi ali pa ganyu m'munda wa kwawo womwe.

Mlimi ali ndi mwayi umene wa m'tauni alibe: gawo lalikulu la phwando akhoza kulilima. Koma zimenezi zimafuna kuti tsiku lidziwike mvula ya chaka chathachi isanagwe, osati kudzidzimukira mu July kuti ukwati ndi wa mu August. Ngati mabanja agwirizana mu October kapena November, mbali iliyonse ikhoza kupatula mizere yake ya ukwati. Chimanga cha ufa ndi cha chimera cha thobwa chichokere pamenepo. Mtedza kapena soya wa pa mizere imeneyo agulitsidwe padera, ndalama yake igule zimene sizimera m'munda: mafuta ophikira, shuga, mchere, nsalu. Amene ali ndi dimba awerengere masiku kuti tomato, anyezi, kabichi ndi mpiru zikhwime sabata ya ukwati. Tomato amatenga pafupifupi miyezi itatu kuchoka pa kuwokera, mpiru sufika n'komwe miyezi iwiri.

Mbuzi igulidwe mu January kapena February. Miyezi ya njala imeneyo anthu ambiri amagulitsa ziweto kuti agule chimanga ndi kulipira sukulu, ndipo mitengo imatsika. Kambuzi kogula nthawi imeneyo kamakula ndi msipu wa dzinja, kenako masangwi a mtedza mukakolola. Nkhuku zachikuda zimafuna miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi kuti zifike pa mphika, koma apa chenjerani ndi chitopa. Matendawa amavuta kwambiri nyengo yotentha, nthawi yomweyo ya maukwati, ndipo amatha kupulula khola lonse sabata imodzi. Katemera wa I-2, wodonthetsera m'diso uja, ndi wotsika mtengo ndipo alangizi a ziweto amamudziwa. Kuiwala katemerayo ndiye kukagula nkhuku za pa msika pa mtengo wa mwini wake.

Amene muli ndi maiwe m'madambo, nsomba zanu ndi ndiwo ya ukwati yokwanira, ndipo palibe mlendo amene anadandaulapo chifukwa chopatsidwa nsomba yaiwisi yokazinga. Makumba ndi chilinguni zimafuna miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposerapo, ndipo mu June ndi July madzi akazizira zimadya pang'ono n'kumakula mochedwa. Ndiye ngati ukwati ndi wa mu August, mbewu ya nsomba ilowe m'dziwe chaka chikangoyamba, kuti ikule nthawi yofunda. Madeya a chimanga ndi manyowa a mbuzi kapena nkhuku muli nazo kale pakhomo. Kokani khoka dzulo lake kapena m'mawa wa tsikulo, chifukwa kumudzi kulibe furiji yosungira nsomba zochuluka chotero.

Mpunga ndiye umadya ndalama. Kuno sitilima mpunga wokwanira, umachokera ku Salima, ku Nkhotakota, ndipo wonunkhira wa Kilombero umayenda ulendo wonse kuchoka ku Karonga. Ife Asilamu tinazolowera kuti phwando ndi mpunga, mwina mpaka pilawu. Ngati mwaufunadi, gulani mu May kapena June pamene akukolola, musunge. Koma nsima ya ufa woyera, ya chimanga cholima nokha, ndi nyama ya mbuzi ndi masamba otendera, si chakudya chochititsa manyazi. Ambiri mwa amene amanyoza nsima pa ukwati akafika kwawo madzulo amakapempha nsima yomweyo.

Pali nkhani ina yoti ikambidwe msanga, makamaka kuno kumene mabanja ambiri ndi osakanikirana, mbali ina Asilamu, mbali ina Akhristu. Ndani adzazinga mbuzi ndi nkhuku? Ankhoswe agwirizane poyera kuti nyama yonse idzazingidwa ndi Msilamu, komanso kuti mowa sudzakhalapo, kuti pasadzakhale kukhumudwitsana pa tsikulo kapena kuphika miphika iwiri. Achibale a mbali inayo akauzidwa mwaulemu nthawi ikadalipo savuta. Ndipotu ukwati wopanda mowa wapulumutsa kale ndalama yambiri, ndi ndewu zomwe.

Tsopano za mahari, ndipo apa a malume mundimvetsere. Mahari ndi a mkwatibwi. Si a bambo ake, si a malume ake, si ndalama yolipirira okongoletsa. Ndi osiyana ndi chiongo chimene Achewa amapereka mkazi akamapita ku chitengwa, ndipo ndi osiyana ndi malowolo. Mkazi ndiye amatchula, ndipo malamulo a Chisilamu amalola kuti gawo lina liperekedwe pa ndowa, lina pambuyo pake, malinga awiriwo agwirizana ndipo mboni zamva. Kukweza mahari kuti banja lioneke lapamwamba kumangokankhira mnyamata ku ngongole imene mwana wanu yemweyo adzabweze naye limodzi. Mtsikana wa kumudzi amene watchula mbuzi yaikazi kapena makina osokera waganiza patali kuposa amene watchula ndalama yomwe ithere pa tsiku limodzi. Mbuziyo ikaswa, ana ake ndi a iye.

Anthu ena akafuna kuchepetsa ndalama amayambira kudula alendo: makadi ochepa, mlonda pa khomo la holo. Ku Lilongwe m'tauni mwina zimayenda, koma kumudzi ndi kudzipalira mkwiyo wa zaka, ndipo Mtumiki anadzudzula phwando la walima limene amaitanira olemera n'kusiya osauka. Dulani zinthu, anthu asiyeni abwere. Chisakasa cha udzu pabwalo la pakhomo, mikeka ndi mabenchi obwereka ku madrasa, amayi a pa mzikiti ndi a m'mudzi akuphika mothandizana monga amachitira pa maliro ndi pa Idi. Mwambo ukayamba masana n'kutha Maghrib isanakwane, simufuna jenereta, simufuna kugoneka ndi kudyetsanso anthu mawa lake. Nsalu ya yunifomu ikhale ya ofuna, isakhale msonkho. Diresi lovala maola asanu likhoza kubwerekedwa, kapena telala wa pa Mpingu asoke chovala chimene mkwatibwi adzavalenso pa Idi. Magalimoto awiri akwana.

Chodabwitsa n'choti zinthu zotsika mtengo zimene zimateteza banja ndi zimene zimaiwalika. Lamulo la maukwati la 2015 limavomereza ukwati womangidwa mwa chipembedzo, ndipo limati wokwatira kapena wokwatiwa akhale atakwanitsa zaka 18. Mu 2017 malamulo aakulu a dziko anasinthidwa kuti agwirizane ndi zimenezi, moti chilolezo cha makolo sichingatsitsenso zakazo. Onetsetsani kuti ndowa yalembedwa ndipo kalata yake mwaitenga, ndi mahari olembedwamo, chifukwa pa nkhani za chuma cha masiye pepala limeneli limayankhula. Kuyezetsa magazi m'zipatala za boma, monga ku Kabudula, ndi kwaulere.

Pa za tsiku, zaka zino Ramadhani ikugwa mu February ndi March, ndipo imabwerera m'mbuyo ndi masiku pafupifupi 11 chaka chilichonse, kotero chilimwe chonse chili chotseguka. July kapena August amaposa October. Zokolola zimakhala zikadali zambiri, ndiwo za kudimba zili pachimake, chitopa sichinafike poipa, ndipo banja latsopano limatsala ndi miyezi itatu yokonza munda wake, kugalauza ndi kuunga mizere mvula isanagwe. Ndalama ya mtedza ikangolowa, yambani mwagula feteleza ndi mbewu, za makolo ndi za ana akukwatiranawo, muike m'chipinda ndi kukiya. Yotsalayo ndi imene mupite nayo ku komiti, ndipo kiyi asapite nawo.