Chilumba cha Likoma

Likoma ndi chilumba cha pa Nyanja ya Malawi chomwe kukula kwake ndi pafupifupi masikweya kilomita 18. Pamodzi ndi chilumba chaching'ono cha Chizumulu, chimapanga boma la Likoma, lomwe ndi laling'ono kwambiri mwa maboma onse a m'Malawi. Bomali linapatulidwa ku Nkhata Bay mu 1999, ndipo kalembera wa mu 2018 anapeza kuti linali ndi anthu 14,527. Zilumba ziwirizi ndi za Malawi, koma madzi onse ozizungulira ndi a Mozambique. Munthu ataima pagombe la kum'mawa amaona bwinobwino mudzi wa Cobué ndi mapiri a m'chigawo cha Niassa.

Mmene chilumbachi chinakhalira cha Malawi

Gwero lake ndi mishoni. Bungwe la Universities' Mission to Central Africa (UMCA), la mpingo wa Anglican, linakhazikitsidwa potsatira pempho lomwe David Livingstone anapereka ku Cambridge mu 1857. Amishoniwa anayamba ntchito ku Magomero mu 1861, koma nkhondo, njala ndi malungo zinawagonjetsa. Bishopu Charles Mackenzie anamwalira mu 1862 ndipo otsalawo anasamukira ku Zanzibar. Atabwerera kunyanja m'zaka za m'ma 1880, motsogozedwa ndi William Percival Johnson ndi Chauncy Maples, anasankha Likoma kuti likhale likulu lawo. Pachilumba panalibe mantha a zifwamba zogwira akapolo ngati kumtunda, komanso sitima yawo ya Charles Janson inkatha kufika m'midzi ya m'mbali mwa nyanja mosavuta.

Pamene Britain ndi Portugal ankagawana malire mu 1891, gombe la kum'mawa linapita kwa Apwitikizi, koma Likoma ndi Chizumulu zinatsala m'manja mwa Angerezi chifukwa cha amishoni aja. Maples anadzozedwa kukhala bishopu wa Likoma mu 1895, koma anamira panyanja chaka chomwecho asanafike n'komwe pampando wake. Sitima ina yomwe inayamba kuyenda mu 1901 inatchedwa dzina lake.

Tchalitchi cha Petro Woyera

Chinthu chotchuka kwambiri pa Likoma ndi tchalitchi chachikulu cha St Peter's. Mwala wa maziko anauika Bishopu Gerard Trower mu 1903, ndipo tchalitchicho chinapatulidwa mu 1911. Chinamangidwa pamalo otchedwa Chipyela, pomwe kale ankawotcherapo anthu oganiziridwa ufiti. M'litali mwake ndi pafupifupi mamita 100, ndipo chinamangidwa mooneka ngati mtanda. Ntchito yosema miyala ndi kuumba njerwa anagwira ndi anthu a pachilumba pomwepo, amuna ndi akazi. Mkati muli mawindo a magalasi amitundumitundu komanso mtanda wosemedwa kuchokera ku mtengo wa kwa Chitambo ku Zambia, pomwe anakwirira mtima wa Livingstone.

Mishoni inabweretsanso sukulu ndi chipatala. M'nthawi ya atsamunda anthu a ku Likoma ankadziwika kuti ndi ophunzira, ndipo ambiri anakagwira ntchito zauphunzitsi, ukalaliki ndi unamwino m'madera akutali. Josiah Mtekateka, Mmalawi woyamba kukhala bishopu wa Anglican, anali mwana wa ku Likoma.

Moyo wa tsiku ndi tsiku

Nthaka ya pachilumbachi ndi yamiyala ndi mchenga, choncho chimanga sichichita bwino. Anthu amalima chinangwa cha kondowole, koma chuma chenicheni chili m'madzi. Usiku asodzi amapita ndi mabwato ndi nyali kukakola usipa ndi utaka, ndipo m'mawa amayi amayanika nsombazo pa matandala kuti zikagulitsidwe ku Nkhata Bay ndi kwina. Mitengo yodziwika ndi milambe ndi mango. Ufa, shuga, sopo, mafuta a galimoto ndi simenti zimachokera kumtunda, pomwe nkhuni zambiri zimawoloka kuchokera ku Mozambique. N'chifukwa chake katundu amakwera mtengo kuposa ku Mzuzu.

Tsiku lofika sitima ya Ilala limakhala ngati la msika. Sitimayi, yomwe inapangidwa ku Scotland ndipo yakhala ikuyenda panyanjayi kuyambira mu 1951, imadutsa pa Likoma paulendo wake wa pakati pa Monkey Bay ndi Chilumba ku Karonga. Ikawonongeka kapena ikapita kokakonzedwa, mashopu amayamba kuuma, ndipo odwala ofunika chipatala chachikulu amasowa mtengo wogwira. Mwera ukamaomba, pakati pa Meyi ndi Ogasiti, ulendo wa pa boti laling'ono umakhala woika moyo pachiswe.

Anthu a pachilumbachi amalankhula Chinyanja cha kunyanja, chofanana ndi cha abale awo a kutsidya. Magule awo otchuka ndi malipenga, ovinidwa ndi amuna ovala ngati asilikali, ndi chioda cha amayi.

Zokopa alendo

Kutalikira komwe kumavutitsa eni chilumba ndi komwenso alendo amakufuna. Magalimoto ndi owerengeka, magombe ndi a mchenga woyera, ndipo madzi ndi oyera moti munthu wosambira amaona nsomba za mbuna zikuyendayenda m'miyala. Pali malo ogona odula monga Kaya Mawa, ndi otsikirako mtengo monga Mango Drift. Alendo ena amabwera pa ndege zing'onozing'ono kuchokera ku Lilongwe, ena pa Ilala kudzera ku Nkhata Bay. Nyengo yabwino yochezera ndi ya Seputembala ndi Okutobala, mwera utaleka koma mvula isanayambe.