Chimene Chimachititsa Kuti Siponji Ina Ifewe Ndipo Ina Ilimbe

Matiresi ogonapo, khoma la firiji, patapata, ndiponso zoyera zopepuka zimene amatchinjirizira wailesi m'katoni, zonsezi ndi pulasitiki imene inachita thovu n'kuuma thovulo lisanaphwe. Thovu la sopo kapena la mowa silikhalitsa, koma la pulasitiki limakhala zaka. M'nkhani ino mawu akuti siponji akuimira thovu louma lamtundu umenewu, kaya ndi lofewa kapena lolimba. Mawu akuti chinkhupule asiyidwa dala, poti anthu ambiri akawamva amaganiza za chomera chosambira chija.

Kusiyana kwa masiponji kumachokera pa kalumikizidwe ka tizigawo tosaoneka ndi maso timene timapanga pulasitiki. Tizigawoti timalumikizana mondondozana ngati mikanda pa ulusi, mpaka kupanga unyolo wa mikanda zikwizikwi. Unyolo woterewu ndiwo umatchedwa polima, dzina lochokera ku Chigiriki lotanthauza "zigawo zambiri". Katswiri wa ku Germany, Hermann Staudinger, atalongosola zimenezi m'chaka cha 1920, anzake ambiri anamutsutsa, koma m'chaka cha 1953 analandira mphoto ya Nobel chifukwa cha ntchito yomweyo.

Munthu wodziwa kuphika savutika kumvetsa mmene thovu limagwirira. Ufa wa tirigu ukakandidwa ndi yisiti umafufuma n'kukhala buledi, pamene ufa wa chimanga wokha sufufuma kwenikweni. Chifukwa chake n'chakuti m'tirigu muli mapuloteni aataliatali amene amakolanakolana, ndipo mpweya ukamawakankha amatamuka osaduka. Chimanga chilibe mapuloteni otero, motero mpweya umangoboola n'kuthawa. Pulasitiki yosungunuka imachitanso chimodzimodzi. Ikalimba kwambiri, mpweya sungaifufumitse. Ikakhala yamadzimadzi, timatumba ta mpweya timaphulika, thovu n'kuphwa. Ntchito yonse ya wopanga siponji ili pakati pa malire awiriwa.

Chitsanzo chabwino ndi polyethylene. Mtundu wake woyamba unapezedwa m'chaka cha 1933 ku kampani ya ICI ku England, ndi Eric Fawcett ndi Reginald Gibson. Unyolo wa mtundu umenewu uli ndi nthambi, zina zazifupi, zina zazitali. Pulasitikiyi ikasungunuka, nthambi zazitalizo zimakolana ngati minga ya mu mpanda, kotero khoma la kathumba ka mpweya likamapyapyala limayamba kukana kutamuka, ndipo silibooka msanga. M'chaka cha 1953 Karl Ziegler anapeza njira yopangira polyethylene ya unyolo wowongoka, ndipo chaka chotsatira Giulio Natta wa ku Italy anapanga polypropylene m'njira yofananayo. Mapulasitiki amenewa ndi olimba kuposa oyamba aja, abwino pa zidebe ndi mipando, koma ndi ovuta kufufumitsa. Maunyolo owongoka amafolana bwinobwino pulasitiki ikazizira, koma ikangosungunuka amatsetsereka popanda chowakola. N'chifukwa chake polypropylene yopangira siponji amachita kuiwonjezera nthambi zazitali mwadala.

Polystyrene ili ndi khalidwe lina. Pa unyolo wake pamalendewera timphete tikulutikulu timene timaulepheretsa kupindika, ndipo timphetito sitikhala mwandondomeko, choncho maunyolo safolana. Pulasitikiyi imakhala youma gwa ngati galasi, koma ikatentha kufika pafupifupi madigiri 100 imayamba kufewa pang'onopang'ono, osasanduka madzi nthawi imodzi. Uwu ndi mwayi waukulu, poti madzi nawonso amawira pa madigiri 100. Fritz Stastny wa ku kampani ya BASF ndiye anazindikira njirayi cha m'ma 1949, ndipo siponjiyo inadziwika ndi dzina lakuti Styropor. Timibulu ta polystyrene amatimwetsa pentane, madzi amene amasanduka mpweya akangotentha pang'ono. Nthunzi ikawomba timibuluto, pulasitiki imafewa panthawi yomwe pentane ikukankha, ndipo kambulu kalikonse kamafufuma kwambirimbiri. Kenaka amatithira m'chikombole n'kuwombanso nthunzi kuti timatane. Chotuluka chake ndi siponji yoyera ija, imene pafupifupi magawo 98 pa 100 ndi mpweya. Imateteza bwino ku kutentha, koma ikapindidwa imathyoka, ndipo ikakhudzana ndi petulo imanyenyeka n'kusanduka phala, popeza maunyolo ake sanamangirirane.

Kumangirirana kumeneku ndi nkhani yaikulu payokha. Maunyolo akalumikizidwa wina ndi mnzake apa ndi apo amakhala ukonde, ndipo ukonde ukakokedwa umabwerera. Umu ndi mmene sulufule amalimbitsira mphira, njira imene Charles Goodyear analembetsa m'chaka cha 1844. Akatswiri a kampani ya Dunlop ku England anatakasa utomoni wa mphira mu 1929 mpaka unachita thovu, n'kulilimbitsa ndi sulufule, ndipo matiresi a mphira anayambira pamenepo. Patapata ndi zidendene za nsapato zothamangira zambiri amazipanga ndi pulasitiki yotchedwa EVA, imene amaisakaniza ndi mankhwala awiri: ena otulutsa mpweya wa nitrogen akatentha, ena omanga mfundo za ukonde. Mfundo zikachepa, thovu limang'ambika. Zikachuluka, siponji sifufuma mokwanira.

Koma palibe pulasitiki imene imaonetsa bwino mphamvu ya kalumikizidwe kuposa polyurethane, imene Otto Bayer ndi anzake anapanga ku Leverkusen m'chaka cha 1937. Pano wopanga sayamba ndi pulasitiki yopangidwa kale. Amasakaniza mankhwala awiri amadzimadzi, polyol ndi isocyanate, ndipo polima imabadwira m'thovu momwemo. Akathiramo madzi pang'ono, madziwo amakumana ndi isocyanate n'kutulutsa mpweya wa carbon dioxide. Ndiye kuti zinthu ziwiri zimachitika nthawi imodzi: mpweya ukufufumitsa, ukonde ukumangika. Ku fakitale ya matiresi, mankhwalawa amathiridwa pa lamba woyenda, ndipo pakangopita mphindi zochepa amakhala atafufuma n'kukhala chibuluma chotalika ngati mita imodzi. Ukonde ukafulumira, timatumba timatsekeka, ndipo mpweya ukazizira siponji imakwinyika. Mpweya ukafulumira, chibulumacho chimang'ambika kapena kuphweratu. M'kati mwake mumatenthanso kwambiri, mwakuti zibuluma zatsopano amaziika motalikirana kwa tsiku lathunthu poopa kuti zingayake zokha.

Kuti siponjiyo ikhale yofewa kapena yolimba zimadalira kwambiri polyol. Ya matiresi imakhala ya maunyolo aatali ndi osavuta kupindika, okhala ndi nsonga zolumikizira zitatu zokha. Ukonde wake umakhala wa maso akuluakulu, ndipo thovu likafika pachimake timakoma tapakati pa timatumba timabooka, n'kutsala timizati tokha. Munthu akagonapo mpweya umatuluka, akadzuka umabwerera. Ya m'khoma la firiji imakhala ya maunyolo aafupi okhala ndi nsonga zambiri. Kawirikawiri amaipanga kuchokera ku shuga wamba, amene ali ndi nsonga 8. Ukonde wake umakhala wothinana, timatumba sitibooka, ndipo mpweya wotsekeredwamo ndiwo umaletsa kutentha kudutsa. Mabokosi ambiri onyamulira katemera ku midzi yakutali ali ndi siponji yamtundu umenewu m'makoma mwake, chifukwa katemera wambiri amafunika kukhala pakati pa madigiri 2 ndi 8. Pakati pa mitundu iwiriyi pali siponji yobwerera mochedwa, imene inayamba kupangidwa m'chaka cha 1966 pa ntchito ya bungwe la NASA yokonza mipando ya ndege. Maunyolo ake anasankhidwa kuti azifewa pa kutentha kwa m'nyumba, choncho imalimba m'nyengo yozizira ndipo imafewa thupi likaifunditsa.

Apa pali chinthu chimene wogula matiresi ayenera kuchidziwa. Wopanga akachulutsa madzi, mpweya umachuluka, ndipo mankhwala ochepa amatulutsa siponji yaikulu. Madzi omwewo amapanganso tizigawo tolimba m'kati mwa unyolo, motero siponji yopepukayo imamveka yolimba ikatsinidwa m'sitolo. Komabe timizati take timakhala toonda, ndipo pakapita miyezi matiresi amachita chigwa pakati. Kulimba kwa pa tsiku logula si umboni wa kukhalitsa. Chizindikiro chabwinopo ndi kulemera kwa siponji poyerekeza ndi kukula kwake, ngakhale kuti nakonso kumanyenga nthawi zina, pakuti ena amathiramo ufa wa mwala wa laimu kuti matiresi alemere.

Timatumba totsekeka tinabweretsanso vuto lake. Kwa zaka zambiri mpweya wa m'siponji ya mafiriji unali CFC-11, umene sukuyaka ndipo umatchinga kutentha bwino kwambiri. M'chaka cha 1974 Mario Molina ndi Sherwood Rowland anaonetsa kuti mipweya yamtunduwu imawononga ozoni, chitetezo cha dziko ku cheza choopsa cha dzuwa. Pangano la ku Montreal la 1987 linachititsa kuti isiyidwe, ndipo mafiriji ambiri amakono amagwiritsa ntchito cyclopentane. Koma firiji yakale ikaphwanyidwa mosasamala, mpweya umene wakhala m'timatumba zaka makumi angapo umatulukabe.

Kalumikizidwe komweko ndiko kamagamula za siponji ikatha ntchito. Ya polystyrene ikhoza kusungunulidwa n'kuumbidwanso, ngakhale kuti kunyamula galimoto yodzaza ndi mpweya kupita nayo ku fakitale n'kodula. Ya polyurethane sisungunuka chifukwa ndi ukonde. Nthawi zambiri amainyenya n'kumata zidutswazo kuti zikhale siponji yamawangamawanga ya m'mipando. Pa moto, siponji ya matiresi ndi yoopsa, poti timatumba take totseguka timalowetsa mpweya wokolezera, ndipo utsi wake umakhala ndi carbon monoxide ndi hydrogen cyanide. Moto wa m'sitolo ya Woolworths ku Manchester utapha anthu 10 m'chaka cha 1979, ambiri mwa iwo chifukwa cha utsi wa mipando, dziko la Britain linakhwimitsa malamulo, ndipo a mu 1988 amalamula kuti siponji ya m'mipando ndi m'matiresi iziyesedwa pa moto isanagulitsidwe.