Mlonda wa Lamya Zathu

Pa netiweki ya lamya za m'manja, mlonda wa pakhomo ndi kompyuta. Masiku ano akatswiri amalemba lamulo la oyenera kulowa m'chinenero cha makina, anzawo naliwerenga, ndipo makina onse amalitsata chimodzimodzi. Akafuna kusintha, amakonza zolembazo, ndipo wokonzayo amadziwika.

M'chaka cha 2018 bungwe la MACRA linalamula kuti nambala zonse za Airtel ndi TNM zilembetsedwe, ndipo zosalembetsedwa zinatsekedwa. Makina samva kupepesa.

Chotero inu mafumu, uzani anthu anu kuti nambala ilembedwe m'dzina la mwini wake, lofanana ndi la pa chitupa cha unzika, kuopa kuti ndalama za nandolo zingatsekeredwe m'lamya.