Ndalama za ulendo kwa akatswiri achinyamata a masamu: zimachokera kuti, ndipo wa ku Niassa angazipeze bwanji?

Masamu safuna zipangizo zodula. Choko, bolodi ndi kope zimakwanira. Komabe katswiri wa masamu sakula payekha. Zimene wapeza zimafunika kuti anzake azimve, azifunse mafunso ndi kuzikonza, ndipo zimenezi zimachitikira ku misonkhano ndi ku maphunziro a masabata ochepa kumene akatswiri amakumana. Kwa wachinyamata wa ku Lichinga amene wangomaliza digiri ya uphunzitsi wa masamu ku nthambi ya Universidade Rovuma, kapena amene akuphunzitsa aphunzitsi anzake ku IFP, vuto lalikulu ndi mtunda. Msewu wochoka ku Lichinga kukafika ku Maputo umaposa makilomita 2,000, ndipo tikiti ya ndege si chinthu choti mphunzitsi n'kugula ndi malipiro ake a pamwezi. N'chifukwa chake mabungwe ena anakhazikitsa thumba la ndalama zolipirira maulendo otere.

Ndalama za ulendo si bolsa

Aphunzitsi ambiri amadziwa bolsa, imene imalipirira munthu maphunziro a zaka zingapo. Ndalama za ulendo n'zosiyana. Ndi thandizo la ulendo umodzi, wa masiku ochepa kapena wa mwezi umodzi, ndipo kawirikawiri limalipira zinthu zinayi: tikiti, malo ogona, chakudya, ndi ndalama yolembetsera pa msonkhano. Mabungwe ena amalipira zonsezi, ena amalipira mbali chabe.

Thandizoli amaliika kwambiri pa amene angoyamba kumene ntchito. Chifukwa chake n'chomveka. Pulofesa wodziwika amaitanidwa ndipo omuitanawo amamulipirira, pamene wachinyamata alibe womudziwa. Pofuna kudziwa woyamba kumene, mabungwe ena amawerenga zaka zimene zadutsa chilandirireni digiri, ena amaika malire a zaka zobadwa. Choncho chinthu choyamba kuwerenga pa chilengezo chilichonse ndi chakuti akufuna anthu otani.

Mabungwe akuluakulu

Bungwe la akatswiri a masamu a dziko lonse, International Mathematical Union, limachititsa msonkhano waukulu pa zaka zinayi zilizonse. Pa msonkhano wa ku Seoul mu 2014, dziko la South Korea linakonza pulogalamu ya NANUM yoti ithandize akatswiri 1,000 ochokera m'mayiko osauka. Pa wa ku Rio de Janeiro mu 2018 panalinso pulogalamu yotere, yotchedwa Open Arms. Bungweli lili ndi komiti yoona za mayiko amene akutukuka kumene, ndipo kudzera mwa iyo munakhazikitsidwa thandizo lotchedwa Abel Visiting Scholar, lopereka ndalama zofika madola 5,000 kuti katswiri wachinyamata akagwire ntchito kwa mwezi umodzi ndi mnzake wa kunja. Thandizo limeneli limafuna munthu amene ali kale ndi digiri ya udokotala.

Amene sanafike pamenepo ali ndi makomo ena. Bungwe la CIMPA, limene linakhazikitsidwa mu 1978 ku Nice m'dziko la France, limachititsa maphunziro a masabata pafupifupi awiri m'mayiko a mu Africa, Asia ndi Latin America, ndipo limathandiza achinyamata a m'mayiko oyandikana nawo kuti akafikeko. Sukulu ya AIMS, imene inatsegulidwa mu 2003 ku Muizenberg pafupi ndi Cape Town ndipo tsopano ilinso ku Senegal, Ghana, Cameroon ndi Rwanda, imatenga omaliza digiri yoyamba n'kuwaphunzitsa kwa chaka chimodzi, sukulu, malo ogona ndi chakudya zonse zolipiridwa. Ku Trieste m'dziko la Italy kuli ICTP, imene Abdus Salam anayambitsa mu 1964 kuti asayansi a m'mayiko osauka asamakhale okhaokha.

Kwa aphunzitsi, lofunika kwambiri ndi ICMI, bungwe loona za kaphunzitsidwe ka masamu. Msonkhano wake waukulu, ICME, umachitikanso pa zaka zinayi zilizonse: wa 2024 unali ku Sydney, wa 2028 udzakhala ku Prague. Pa ndalama zimene anthu amalipira polembetsa, gawo limodzi mwa magawo 10 limapita m'thumba lothandizira nthumwi za m'mayiko osauka, ndipo aphunzitsi a m'sukulu amaloledwa kupempha.

Khomo lapafupi

Sydney ndi Prague ndi kutali, koma ulendo woyamba sufunika kukhala wa kutsidya kwa nyanja. Kumwera kwa Africa kuli mabungwe awiri amene misonkhano yake imazungulira mayiko a m'dera lino. SAMSA, imene inayamba mu 1981, imasonkhanitsa akatswiri a masamu chakumapeto kwa chaka. Inakumana ku Lilongwe mu 2012, ku Blantyre mu 2019, ndi ku Maputo mu 2022. Pamodzi ndi msonkhanowu pamachitika maphunziro a pulogalamu ya Masamu, imene anaitsogolera ndi Overtoun Jenda, katswiri wobadwira ku Malawi wa pa Auburn University ku America. Maphunziro ake oyamba anachitikira ku Livingstone mu 2011, ndipo cholinga chake ndi kuika achinyamata m'magulu a kafukufuku pamodzi ndi akatswiri okhwima.

Bungwe lachiwiri ndi SAARMSTE, la ofufuza za kaphunzitsidwe ka masamu, sayansi ndi luso la zipangizo, limene limakumana mu Januwale. Nalonso linakhalapo ku Lilongwe ndi ku Maputo.

Apa m'pamene malo a Niassa amasanduka mwayi. Kuchoka ku Lichinga kukafika pa chipata cha Mandimba ndi makilomita pafupifupi 150. Munthu akawoloka pa Chiponde amadzera ku Mangochi ndi ku Liwonde n'kufika ku Zomba, kumene kuli University of Malawi, kapena ku Blantyre. Ulendowu ndi wa pa chapa ndi minibasi, ndipo nzika ya Mozambique imafunika pasipoti koma osati viza pa ulendo waufupi. Msonkhano ukakhala ku Malawi, wa ku Lichinga amafikako motchipa kusiyana ndi kupita ku likulu la dziko lake lomwe. Pempho la ndalama zochepa chotere silivuta kulivomereza, ndipo nthawi zina yunivesite imatha kulipira yokha.

Chimene mphunzitsi wa zinenero ziwiri angapite nacho

Mabungwewa salipira munthu kuti akangomvera. Ambiri amafuna kuti wopemphayo akafotokoze kafukufuku wake, ndipo amayamba aona chidule cha ntchitoyo. Apa aphunzitsi ena amabwerera m'mbuyo poganiza kuti alibe choti n'kunena. Koma kalasi ya zinenero ziwiri ili ndi nkhani imene ofufuza akuifunafuna.

Dziko la Mozambique linayesa maphunziro a zinenero ziwiri kudzera mu PEBIMO kuyambira 1993 mpaka 1997, m'Chinyanja ku Tete ndi m'Chichangana ku Gaza, ndipo mu 2003 linawayambitsa m'sukulu za boma. Papita zaka zoposa 20 ana akuphunzira kuwerengera m'chinenero cha kwawo kenako n'kusamukira ku Chipwitikizi. Zimene zimachitika m'mutu mwa mwana pa kusamukako amaziona tsiku ndi tsiku ndi mphunzitsi.

Chitsanzo chimodzi ndi mayina a manambala. M'Chinyanja, 7 ndi zisanu ndi ziwiri, 8 ndi zisanu ndi zitatu. Dzina la nambala likunena kale samu yophatikiza: 5 ndi 2, 5 ndi 3. Chiyao ndi Chimakhuwa nazonso zimamanga manambala pa 5. M'Chipwitikizi, sete ndi oito sizimuuza mwana kanthu za 5. Kodi mwana amene amawerengera m'Chinyanja amafulumira kuona kuti 7 kuphatikiza 8 ndi zisanu ziwiri, kutanthauza 10, kenako 2 ndi 3? Nanga manambala akakula, monga 68, pamene dzina la Chinyanja limatalika ndipo pa msika anthu amangotchula la Chipwitikizi, mwanayo amagwiritsa ntchito liti? Mphunzitsi wa ku Metangula kapena ku Mecanhelas amene angalembe mayankho a ana ake kwa teremu imodzi, n'kusunga makope awo, ali ndi poyambira kafukufuku.

Nkhani zotere zili ndi mbiri yake. Paulus Gerdes, amene anatsogolera Universidade Pedagógica kuyambira 1989 mpaka 1996 ndipo anamwalira mu 2014, anadziwika padziko lonse pofufuza masamu opezeka m'madengu, m'mikeka ndi m'kawerengedwe ka zinenero za Mozambique. Ku Malawi, Mercy Kazima analemba za mmene ana amamvera mawu a masamu, ndiponso anayerekeza njira ya Tanzania yopanga mawu atsopano a Chiswahili ndi njira ya Malawi yobwereka mawu a Chingerezi monga sikweya. Mu 2011 ICMI inachititsa msonkhano ku Brazil wokambirana za masamu ndi kuchuluka kwa zinenero m'kalasi basi. Choncho wa ku Niassa akafika ndi nkhani yake amapeza anthu oimvetsa.

Pamene ambiri amapunthwa

Choyamba ndi nthawi. Tsiku lotsekera mapempho limafika miyezi yambiri msonkhano usanachitike, ndipo chidule cha kafukufuku chimafunika msanga kuposa pamenepo. Wofuna kupita mu Januwale amayamba kulemba chaka chisanafike pakati.

Chachiwiri ndi mapepala. Pasipoti ya ku SENAMI iyenera kukhala m'manja kale, chifukwa kalata yoitanira ndi tikiti zimafuna nambala yake. Mphunzitsi wa boma amafunikanso chilolezo chochoka pa ntchito, chimene chimadzera kwa mkulu wa sukulu ndi ku SDEJT. Makalata a umboni ochokera kwa amene anamuphunzitsa amatenga nthawi, choncho kuwapempha sabata yomaliza n'kudziphera mwayi.

Chachitatu ndi bajeti. Wowerenga pempho ku Berlin kapena ku Nice akaona dzina la Mozambique amaganiza za tikiti yochokera ku Maputo. Wopempha ayenera kulemba ulendo wonse kuyambira pakhomo: kuchoka kumudzi kufika ku Lichinga, kuchoka ku Lichinga kufika kumene akakwerere ndege ya kunja, ndi usiku wogona panjira. Chimene sichinalembedwe sichilipiridwa.

Chachinayi ndi kalipiridwe. Mabungwe ena amagula okha tikiti, ena amafuna kuti munthu ayambe walipira kenako amubwezere akaonetsa malisiti. Amene sangathe kutsogoza ndalama zake ayenera kunena zimenezi atangovomerezedwa, asanalowe m'ngongole. Malisiti onse, ngakhale a chapa ngati angapezeke, asungidwe.

Chachisanu ndi chinenero. Misonkhano yambiri imachitika m'Chingerezi. Chidule chikhoza kulembedwa m'Chipwitikizi, kenako mnzake wophunzitsa Chingerezi n'kuthandiza kuchimasulira. Zitsanzo za Chinyanja, Chiyao kapena Chimakhuwa zisachotsedwe pomasulira, chifukwa ndizo zimasiyanitsa pepalalo ndi ena onse.

Pobwerera

Mabungwe ambiri amafuna lipoti la ulendo, ndipo wosatumiza lipoti amadzitsekera yekha khomo la mawa. Koma lipoti lofunika koposa ndi la kwa anzake. Amene wapita ku msonkhano n'kudzafotokoza pa ZIP zimene wamva, n'kugawira anzake mayina a ofufuza amene akufuna kugwira ntchito ndi sukulu za zinenero ziwiri, wachititsa kuti tikiti imodzi ipindulire aphunzitsi ambiri. Ntchito yoyamba ilibe mtengo: kope limodzi lolembamo zimene ana amanena akamawerengera, tsiku lake, kalasi yake ndi chinenero chimene agwiritsa ntchito.